Timabokosi Tiwiri ta Namawaya

3 Malichi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Kodi bondo la Amayi lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndili bwino, kungoti masitepe okwerera kuntchito kwathu alipo makumi anayi ndi awiri, ndipo ndimafika pamwamba lilime lili panja. Pansi pathu pali anthu omata matayala, ndiye tsiku lonse timagwira ntchito ndi fungo la labala m'mphuno.

Adalaivala a basi akupatsani katoni pamodzi ndi kalatayi. Si wailesi ayi. Muli timabokosi tiwiri, kena kali ndi kadontho kofiira, kena kobiriwira, ndipo kalikonse kali ndi kasola pamwamba, kukula kwake ngati chikhatho. Ntchito yake ndi kuyeza kutentha m'nyumba zosungiramo katundu, n'kutumiza uthenga pa foni kamodzi pa tsiku. Tonse tiwiri n'tofanana. Kusiyana kwake n'kachipi kamene kali m'kati, kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene kamalandira magetsi kuchokera ku sola n'kuwathira mu batire.

Abwana anga, amene tonse timangowatchula kuti a Mandevu, akufuna kachipi ka mu Kofiira, chifukwa n'kotchipa ndipo anakazolowera. Ine ndikufuna ka mu Kobiriwira. N'kokwererako mtengo, koma kamatola ngakhale kuwala kochepa, pamene kanzakeko kamadikira dzuwa lenileni. Tinakangana mpaka iwo anati, "Chabwino, wophunzira ndiwe. Ndionetse." Andipatsa mpaka pa 20 Meyi, tsiku limene miyezi yanga yoyesedwa ikutha. Ndikawatsimikizira, andilemba ntchito yokhazikika. Ndikalephera, mudzandiona ndikutsika basi ndi chikwama changa.

Khomo lokwerera padenga la kuno eni nyumba amalikiya, n'chifukwa chake ndatumiza kwanuko. Bambo, chonde muike tonse tiwiri padenga la khola la nkhuku, moyandikana, masola akuyang'ana kumwamba. Musatsegule, musapukute. Uthenga uzindipeza wokha. Kofiira anakalumikiza ndi mnzanga wa kuntchito, koma Kobiriwira ndakawotcherera ndekha ndi manja angawa, mpaka ndinapsa chala.

Ndine mwana wanu,
Namawaya


12 Malichi

Kwa Injiniya wathu Namawaya,

Landira moni wochuluka wochokera kwa ine bambo ako, kwa amayi ako, ndi kwa nkhuku zonse khumi ndi zitatu. Bondo la amayi ako limavuta pokhapokha pakakhala ntchito yokwera makwerero. Pa zina zonse ndi lamphamvu.

Katundu wafika bwino lomwe. Adalaivala anamuika pampando wa pambali pawo ngati mlendo wolemekezeka. Titatsegula katoni, amayi ako anaitana anansi onse kuti adzaone. Amayi a pagolosale anafunsa ngati timabokosito timatchaja foni. Ndinawayankha kuti izi ndi za sayansi, asazichepetse.

Nkhani yako ndi a Mandevu ndaimva. Ine ndakhala telala zaka makumi atatu, ndipo ndikudziwa kuti ulusi wotchipa umakongola tsiku logula lokha. Choncho ndili kumbali yako, ngakhale kachipiko sindinakaone ndi maso.

Tsopano za malo. Ndinabwereka makwerero, ndinakwera ndekha popanda wondigwirira, ndipo Kofiira kali padenga la khola monga unanenera. Ndakamanga ndi waya kuti mphepo isakatenge. Kobiriwira nakonso kali pamalo abwino kwambiri, otetezeka ndithu. Pa kameneko usade nkhawa ngakhale pang'ono.

Kodi ukudya iwe? Pa chithunzi unatumiza chija khosi lako latalika. Ukapeza mpata unditumizire singano za makina, nambala 16. Za kuno zikuthyoka ngati udzu wouma.

Ndine bambo ako,
Telala wopuma koma wosasiya


30 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi Amayi. Singano zili mu envulopu yomweyi, musadzibaye potsegula. Ndikudya ndithu, khosi ndi lomwe lija munandipatsa inu.

Koma Bambo, zinthu sizikuyenda. Mauthenga akufika m'mawa uliwonse kuchokera ku timabokosi tonse tiwiri, ndipo akundichititsa manyazi. Batire la Kofiira limadzaza tsiku ndi tsiku. La Kobiriwira linayamba kutsika pang'onopang'ono, lafika pa theka, ndipo langoima pamenepo, osakwera, osatsika. Chinanso, Kofiira kamati masana kukutentha kwambiri, pamene Kobiriwira kamati kukuzizira bwino tsiku lonse. Tinthu tiwiri tokhala padenga limodzi tingasiyane bwanji chonchi?

A Mandevu amabwera pa tebulo langa m'mawa uliwonse ndi kapu ya tiyi. Amayang'ana pa kompyuta, n'kusisita ndevu zija, n'kumapita osanena kanthu. Akanati azindinyoza bwenzi zili bwino. Kukhala chete kumeneku n'kumene kukundimaliza.

Ndiye ndifunse. Kodi mtengo wa mapeyala uja sukuika mthunzi pa Kobiriwira? Mbalame sizinaipitse kasola kake? Kapena kanagwa n'kutembenuka? Ndakuimbirani kawiri, koma mumangoti "zonse zili bwino" n'kupereka foni kwa Amayi, ndipo Amayi amayamba za nkhuku imene yasiya kuikira. Zikundidetsa nkhawa. Ngati munagwa pa makwerero ndipo mukundibisira, ndiuzeni. Ntchito si yoposa msana wanu.

Mwana wanu,
Namawaya


8 Epulo

Injiniya wanga,

Moni. Tili bwino tonse, ndipo nkhuku ija yayambanso kuikira. Singano zafika, n'zabwino kwambiri, zikulowa mu jinzi ngati mu buledi.

Sindinagwe pa makwerero. Ine ndinayamba kukwera madenga iwe usanabadwe.

Mafunso ako ndiwayankha limodzi limodzi, moona mtima. Mthunzi wa mapeyala sukufika pa Kobiriwira. Palibe mbalame imene yakayandikira, ndingathe kulumbira. Sikanagwe, sikanatembenuke. Fumbi silikukakhudza, ndipo mvula yamphamvu ya sabata yatha ija sinakagwere ngakhale dontho limodzi. Kunena zoona, m'mudzi muno mulibe chinthu chimene chikusamalidwa kuposa kabokosi kameneka.

Zoposa pamenepa sindinganene. Pali zinthu zina za m'banja zimene mwamuna wanzeru amaziona, n'kuweramitsa mutu, n'kupitiriza kusoka. Ukadzakwatiwa udzandimvetsa.

Limba mtima. A Mandevu asakuopseze ndi tiyi wawoyo.

Bambo ako


19 Epulo

Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Kalata ya Bambo ndaiwerenga katatu, ndipo yandisiya ndi nkhawa ziwiri m'malo mwa imodzi. Zinthu za m'banja zanji? Kodi mwayambana? Zaka zonsezi sindinakumvenipo mukukangana kupatula za mchere. Chonde musandibisire, ndine wamkulu tsopano.

Za ntchito, ndagwa ulesi. Ngati kabokosi kali padzuwa, kopanda fumbi, kopanda mthunzi, ndipo batire lake silikudzaza, ndiye kuti wolakwa ndine. Mwina ndinawotcherera molakwika, mwina kachipiko si kabwino ngati mmene mapepala ake amanenera. Ndabwereza zojambula zanga mpaka maso akuwawa, cholakwika sindikuchipeza. Mnzanga uja wayesa kundithandiza, nayenso wangokweza mapewa.

Dzulo a Mandevu analankhula koyamba. Anati, "Kwatsala mwezi umodzi. Kuvomera kuti unalakwa si imfa." Ananena mokoma mtima, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa cha kukoma mtimako. Ndinkafunitsitsa ntchito imeneyi. Ndimakonda fungo la waya wotentha, ndimakonda kuona kanthu kakufa kakuyamba kuphethira chifukwa cha manja anga. Ngakhale masitepe aja ndayamba kuwakonda.

Ndatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu n'kuchipukuta. Kodi chipinda changa chikadalipo, kapena makina a Bambo anachilanda?

Namawaya


25 Epulo

Mwana wanga, mzime wanga,

Ndine mayi ako. Sindilembalemba chifukwa cholembera chimandipweteka zala. Koma bambo ako amandiwerengera kalata yako, ndipo atafika pa chikwama anasiya kuwerenga n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndiye ndinati, bweretsani pepala.

Sitinayambane. Bambo ako alibe mlandu, kupatula mantha.

Kobiriwira sikali padenga. Kali m'kabati yanga ya magalasi pabalaza, pakati pa mbale za alendo ndi chithunzi chako cha tsiku lomaliza sukulu. Kakhala mmenemo kuyambira tsiku limene kanafika. Ndinakalukira kansalu ka mabowomabowo n'kukafunditsa kuti kasachite fumbi.

Unalemba wekha kuti unakapanga ndi manja ako mpaka kupsa chala. Ndiye ine ndikaike padenga la nkhuku kuti akhwangwala azikanyerera? Kofiira n'ka mnzakoyo, amayi ake ndi amene angadandaule. Bambo ako anayesa kulankhula, ndinawauza kuti akakhudza kabati yanga ayambe kudziphikira okha.

M'mawa uliwonse ndikamasesa, kagetsi kake kamaphethira kawiri. Bambo ako anati nthawi imeneyo kamakhala kakutumiza uthenga kwa iwe. Ndiye ine ndimaima pamenepo ndi tsache langa n'kunena kuti, mwana wanga wadzuka. Chichokereni iwe, m'nyumba muno munalibe kanthu kako kamoyo. Ndimakusowa, ndicho chifukwa chake.

Ndinkadziwa kuti kamafuna kuwala, n'chifukwa chake ndimatsegula makatani m'mamawa. Ndinkayesa kuti n'kokwanira. Sindinadziwe kuti ndikukuphera ntchito. Undikhululukire, mwana wanga. Mawa bambo ako akakweza padenga, ndipo makwerero ndiwagwirira ndine.

Mayi ako


30 Epulo

Amayi anga okondedwa, ndi inu Bambo amantha,

Moni, moni, moni! Kalata ya Amayi ndinaiwerengera pa masitepe. Ndinayamba ndi kulira, kenako ndinaseka mpaka omata matayala anatuluka ndi zitsulo m'manja kuganiza kuti wina wagwa.

Amayi, simunandiphere ntchito. Tamvani zimene mwachita. Kabokosi kameneko kakhala masabata asanu ndi limodzi m'nyumba, kuseri kwa galasi, kofunda nsalu, kakudya kuwala kwa pawindo kokha, ndipo sikanaphonyepo kutumiza uthenga ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkalira kuti batire lili pa theka. Ndimayenera kuvina kuti silinafe! Izi n'zimene ndakhala ndikuwauza a Mandevu, koma ine sindikanaganiza zokayesa mwankhanza chonchi.

Ndinathamangira kwa iwo ndi kalata m'manja. Anamvetsera, anasisita ndevu, n'kunena kuti, "Nkhani yokoma. Koma ndani wakuuza kuti Kofiira sikangapirirenso m'kabatimo?" Ndipo akunena zoona, tiyenera kuona.

Ndinakuimbirani kale dzulo, koma ndikulembanso kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve. Kobiriwira kakhale padenga. Kofiira katsike, kalowe m'kabati, pamalo omwewo, pakati pa mbale zomwezo, kofunda kansalu komweko. Makatani muzitsegula nthawi yomwe mumatsegula. Amayi, musakakondere ndipo musakazunze. Kachipi ka mu Kofiira kakasowa dzuwa sikathira kanthu mu batire, ndipo nakonso kamamwako pang'ono. Ngati ndikuganiza bwino, sikafika patali. Ngati ndikulakwa, tidziwa tonse.

Kwatsala masiku makumi awiri. Bambo, ulendo uno mukaona kanthu musaweramitse mutu.

Mwana wanu wosangalala,
Namawaya


13 Meyi

Kwa Injiniya,

Moni wa chimwemwe. Tili bwino, ndipo ndikulemba mutu uli chilili.

Lipoti lonse ndi ili. Tsiku losinthana lija panali nkhondo pang'ono. Amayi ako ataona Kofiira katatsika padenga, kali mbuu ndi fumbi ndi zina za akhwangwala, anaima pakhomo pa kabati n'kunena kuti, "Mwana wa eni ake, wosasamba, pakati pa mbale zanga?" Ndinawakumbutsa kuti unati tisapukute. Tinagwirizana kuti mbale zisunthe pang'ono, kabokosi kalowe mmene kalili.

Koma ndiwachitire umboni amayi ako, sanakondere. Makatani amatsegula nthawi yake. Tsiku lina ndinawapeza akukonza kansalu kuti mabowo akhale bwino pa sola, akuti asadzanene kuti tinakabera.

Masiku oyamba Kofiira kankaphethira monyada. Iwe unatiuza pa foni kuti Kobiriwira kanadzaza batire tsiku lachiwiri lokha padenga, ndi kuti la Kofiira likutsika ngati madzi m'ndowa yobooka. Kuyambira pamenepo amayi a pagolosale akhala akubwera m'mawa uliwonse kudzafunsa kuti wodwala wagona bwanji.

Dzulo m'mawa tinaima atatu patsogolo pa kabati. Nthawi inakwana, osaphethira. Tinadikira mpaka tiyi anazizira. Amayi ako anagogoda pagalasi, zii. Lero chimodzimodzi. Kofiira katisiya, patatha masiku khumi ndi awiri.

Sindinaonepo maliro osangalatsa chonchi. Amayi ako anavina kuzungulira tebulo ndi bondo lomwe lija, ndipo ine ndinaimba ng'oma pa chivindikiro cha makina. Pita nazo kwa a Mandevu. Uwauze kuti telala akupereka moni.

Bambo ako


21 Meyi

Bambo ndi Amayi,

Moni! Khalani pansi kaye. Ntchito ndaipeza!

Dzulo a Mandevu anandiitana mu ofesi mwawo, kachipinda kodzaza ndi makatoni moti mlendo amakhala pa katoni. Ndinayala mapepala awiri patebulo. Loyamba, Kobiriwira masabata asanu ndi limodzi m'kabati, kamoyo. Lachiwiri, Kofiira masiku khumi ndi awiri m'kabati yomweyo, kakufa. Anayang'ana nthawi yaitali, tiyi osamukhudza.

Kenako anati, "Ukudziwa kumene makasitomala athu amaika timabokosi timeneti? Pansi pa denga. Kuseri kwa matumba. Wina anakaika m'kati mwa ofesi kuopa akuba. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda mitunda kukasintha mabatire akufa, ndikumati anthu ndi osamva. Kani anthu amangosamala katundu wawo."

Ndinangoti, "Eya, bwana."

Anafunsa kuti, "Anaganiza zoyesa m'kabati ndani?"

Ndinati, "Amayi anga."

"Anaphunzira kuti?"

Ndinati, "Pabalaza."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anandigwira chanza n'kunena kuti timabokosi tonse ta chaka chino tikhala ndi kachipi ka mu Kobiriwira, ndipo woyang'anira ntchitoyo ndine. Ndinatsika masitepe onse aja osawamva. Omata matayala anandiombera m'manja ngakhale sankadziwa chifukwa chake.

Pali pempho. Lero m'mawa a Mandevu abwera ndi kabati yakale ya magalasi, anthu anayi akuikweza movutika, ndipo aiika pafupi ndi windo. Akuti kuyambira tsopano kabokosi kalikonse katsopano kazigona mmenemo mwezi wathunthu tisanakagulitse. Chikusowa n'kansalu. Akuti ka kusitolo sakukafuna, akufuna koluka Amayi, mabowo ake ofanana ndi kajako.

Ndikukuthokozani nonse awiri, wobisa ndi womubisira. Ndilembereni msanga, ndikufuna kumva mmene mwalandirira nkhaniyi.

Mwana wanu wa pantchito,
Namawaya


27 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako kachiwiri. Zala zizolowera.

Tili bwino. Kalata yako bambo ako aiwerenga pakhonde mokweza, kenako anapita nayo kugolosale, kenako kwa ometa tsitsi. Pofika masana inali itafewa ngati nsalu. Ine ndinangokhala pampando n'kumalira ndi chimwemwe. Wandinyaditsa, mzime wanga.

Tinsalu ndaluka tiwiri, tili m'katoni. Kena n'ka kabati ya abwana ako. Kena uziika pa tebulo lako pamene amaika kapu yawo ya tiyi, asakuthimbiritsire mapepala. Uwauze kuti makatani azitsegula m'mamawa, osati akakumbukira.

Kobiriwira ndakasiya padenga. Ndaona kuti n'kolimba kuposa mmene ndinkaganizira. M'mawa ndimatuluka ndi chakudya cha nkhuku n'kuyang'ana kumwamba, ndipo ndikaima pafupi ndi mpanda kagetsi kaja kamaoneka.

Tsopano ndikuuze chinthu chimodzi chimene bambo ako sakudziwa kuti ndikulemba. Utafunsa za chipinda chako, tsiku lomwelo ndinawatulutsitsa makina awo. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinachapa makatani, ndinayala bedi ndi bulangeti lako lija. Mtima unkandiwawa kuti ndakuwonongera ntchito, koma bedilo ndinkaliyala ndikuimba. Mulungu andikhululukire, mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti utsike basi ija.

Sutsika, ndipo ndi bwino choncho. Gwira ntchito yako, uzidya, usapsenso zala. Lero tabwezera makina m'chipinda muja chifukwa pabalaza anatipanikiza. Koma bedi sindinaliyalule. Bambo ako azisoka molilambalala mpaka tsiku limene a Mandevu adzakupatse tchuthi.

Mayi ako